Musanatsegule kompyuta kuti muyikemo SSD, yambani mwasunga mafayilo anu pena

Disiki yanga yoyamba kufa inayamba ndi kaphokoso kakang'ono. Ndikayatsa laputopu ndimamva kuti tiki, tiki, tiki cha pansi pa kiyibodi mbali yakumanja, kenako imatseguka bwinobwino ngati palibe chavuta, nde ine ndimangoti aaa mwina fani yagwira fumbi. Patadutsa masabata awiri foda ya zithunzi inayamba kuvuta, ukayidina imangozungulirazungulira osatseguka, ndiye tsiku lina m'mawa ndikuyatsa chonchi sikirini yakuda bii, timawu toyera pamwamba kunena kuti palibe disiki yoti kompyuta iyambirepo. Mmenemo munali zithunzi za mwana wanga kuyambira tsiku lomwe anabadwa mpakana atayamba kuyenda, ndi zolemba za ntchito za zaka zitatu. Zina ndinatolera mu imelo ndi kwa achibale omwe ndinawatumizirapo, koma zambiri zinapita, mpaka lero ndikakumbukira mtima umawawa.

Nchifukwa chake munthu akandifunsa kuti kompyuta yanga ikuchedwa, kodi ndiyikemo SSD, disiki yamakono yothamanga kuposa hadi disiki yakale, ndimayankha kuti eya ikanimo ndithu, palibe chinthu chimadzutsa kompyuta yakale ngati chimenecho, koma sikuludiraiva muyigwire pomaliza. Yambani ndi bakapu. Tsiku losintha disiki ndi tsiku loopsa kwa mafayilo anu, kungodina malo olakwika kamodzi basi mwafufuta disiki yomweyo mumafuna kuyipulumutsa.

Timvane kaye kuti bakapu ndi chani, poti apa ndi pamene ambiri timadzinamiza. Pali anthu amagula disiki yakunja, nkusamutsira zithunzi zonse kumeneko, nkufufuta za pa kompyuta kuti malo achuluke, kenako nkumati ndili ndi bakapu. Ayi abale, mwangosamutsa vuto. Fayilo ikakhala malo amodzi okha, kaya ndi pa laputopu, kaya pa fulashi, kaya pa disiki yakunja yodula bwanji, ilibe bakapu. Ena amakopera kuchoka pa C: kupititsa pa D:, osadziwa kuti nthawi zambiri C: ndi D: ndi disiki imodzi yomweyo yongodulidwa pawiri, ikafa zonse zimapitira limodzi. Mukafuna kutsimikiza, dinani kumanja pa Start, tsegulani Disk Management, muwone ngati C: ndi D: zili pa mzere umodzi wa Disk 0. Zikakhala mzere umodzi ndi disiki imodzi basi.

Anthu odziwa zinthuzi ali ndi lamulo amalitcha 3-2-1. Makope 3 a chilichonse chofunika, kuwerengera ya pa kompyutayo, pa zosungira za mitundu 2 yosiyana, ndipo kope 1 ikhale kunja kwa nyumba. Yakunjayo ndi ya wakuba, moto ndi madzi, chifukwa wakuba akanyamula chikwama cha laputopu amanyamula ndi disiki yakunja yomwe munayika m'thumba lam'mbali. Pa nyumba wamba zimenezi sizovuta: kope yoyamba pa kompyuta, yachiwiri pa disiki yakunja ya USB, yachitatu pa intaneti kapena pa disiki ina yomwe mwasungitsa kwa m'bale amene mumamudalira.

Za pa intanetizi, Google amapereka 15GB yaulere koma imagawidwa ndi Gmail komanso Google Photos, OneDrive ndi 5GB, iCloud 5GB, Dropbox 2GB. Mavidiyo sangakwanemo, komanso kukweza zinthu zazikulu kumadya data, nde ine ndimati kumeneko ikaniko zomwe simungazipezenso kwina kulikonse: masatifiketi omwe munasikana, zolemba za sukulu ndi za ntchito, zithunzi zosankhidwa bwino. Nyimbo ndi mafilimu mutha kuzipezanso, chithunzi cha malemu agogo anu simungachijambulenso. Koma chenjerani ndi chinthu chimodzi, mapulogalamu amenewa ntchito yawo yeniyeni ndi kufananiza, chomwe chachitika pa kompyuta chimachitikanso uko. Mukafufuta fayilo pa kompyuta imafufutikanso pa intaneti. Mu Google Drive imakhala mu Trash masiku 30 kenako yapitiratu, ndiye mukazindikira patapita miyezi iwiri palibe chomwe mungabweze.

Disiki yakunja nayo isamakhale yolumikizidwa usana ndi usiku. Pali mavayirasi aja amatseka mafayilo anu onse nkumafuna ndalama kuti akutsegulireni, ngati WannaCry yomwe inagwedeza dziko mu May 2017 mpaka kusokoneza zipatala za ku Britain. Vayirasi yotere siyisankha, imagwira chilichonse chomwe kompyuta ikuchiwona, kuphatikizapo disiki ya bakapu ngati ili pa USB nthawi imeneyo. Mukamaliza kukopera, Eject, zulani, sungani.

Tsopano mukopere chani? Desktop, Documents, Pictures, Videos, Music, izi aliyense amakumbukira. Zomwe zimaliza anthu ndi zija zobisika. Foda ya Downloads muyiwone bwino, ambirife mafayilo ofunika omwe tinatumiziridwa amangokhala mmenemo zaka ndi zaka. Ngati mumagwiritsa Outlook yakale ija fufuzani mafayilo othera ndi .pst, mmenemo ndi mmene muli maimelo anu. Mapasiwedi ndi ma bookmark a mu Chrome kapena Firefox, lowani mu akaunti yanu muyatse sync, apo ayi muwatulutse mu fayilo. Mapulogalamu owerengera ndalama za bizinesi nthawi zambiri amasunga data yawo pa malo awoawo, nde tsegulani pulogalamuyo mupeze pomwe palembedwa Backup mupangire mmenemo. Ndipo makiyi a mapulogalamu omwe munagula alembeni papepala. Kompyuta ikakhala ya banja lonse, aliyense ndi akaunti yake, lowani mu C:\Users muwone mafoda a anthu onse, musakopere zanu zokha nkusiya za ana.

Disiki yakunja musanayambe kuyidzaza onani kuti inafomatidwa bwanji. FAT32 siyilandira fayilo imodzi yoposa 4GB, mudzangowona vidiyo yayikulu ikukana ngakhale malo ali mbwee. NTFS ndi yabwino ngati mumagwiritsa Windows yokha, koma Mac imangoyiwerenga, siyilembapo. Ngati disikiyo izidzayenda pakati pa Windows ndi Mac, exFAT ndiye yake. Kufomata kumafufuta zonse, ndiye chitani izi disiki ili yopanda kanthu.

Kukopera ndi manja nkwabwino tsiku loyamba, koma munthu amatopa komanso amayiwala. Windows ili ndi File History, inabwera ndi Windows 8 mu 2012 ndipo mu 10 ndi 11 ilimobe. Lumikizani disiki, tsegulani Control Panel, pitani pa File History, sankhani disikiyo, dinani Turn on. Disiki ikakhala yolumikizidwa imakopera zomwe zasintha ola lililonse, ndipo ubwino wake imasunga ndi makope akale, moti ngati munawononga chikalata dzulo mutha kubwerera pa mmene chinalili dzana. Kungoti siyitenga chilichonse, mafoda omwe munapanga nokha pa C: kapena D: siyiwagwira mukapanda kuwawonjezera, nde amenewo muwayang'anire. A Mac muli ndi Time Machine kuyambira 2007, mukalumikiza disiki yatsopano imakufunsani yokha. A Linux mukudziwa kale za rsync ndi Déjà Dup.

Ndiye pali chinthu ichi chimene ndimachinena mobwerezabwereza mpaka anthu kutopa nane: bakapu muyiyese. Musangowona kamzere kobiriwira kafika kumapeto nkuti zatheka. Zulani disiki, kayilumikizeni pa kompyuta ina ngati ilipo, tsegulani zithunzi khumi za m'mafoda osiyanasiyana, vidiyo imodzi muyithamangitse mpaka kumapeto, chikalata chimodzi cha Word, chimodzi cha Excel. Dinani kumanja pa foda, Properties, muyerekeze kuchuluka kwa mafayilo uku ndi uku. Ine ndinathandizapo munthu yemwe ankakopera mwezi ndi mwezi mokhulupirika pa fulashi yolembedwa 256GB, tsiku lomwe tinayifuna mayina a mafayilo onse analipo koma ukatsegula chithunzi ndi imvi yokhayokha. Inali fulashi yabodza, mkati mwake yaying'ono koma inakonzedwa kuti izinama kukula kwake, ikadzadza zotsalazo zimangotayika mwakachetechete. Pali kapulogalamu kaulere kotchedwa H2testw, kamadzadza fulashi yonse nkuwerenganso, mukagula fulashi kapena memori khadi yatsopano iyeseni kaye ndi kameneka. Komanso fulashi olo ikhale yeniyeni ndi yonyamulira mafayilo, siyosungira zinthu za moyo wanu wonse.

Musanapite patali yezaninso thanzi la disiki yomwe ili mu kompyutayo. Disiki iliyonse imasunga mbiri ya matenda ake, amati SMART, ndipo pulogalamu yotchedwa CrystalDiskInfo imakuwonetsani mwaulere. Ikalemba Good ndi mtundu wa buluu, pumani. Ikalemba Caution yachikasu, makamaka pa Reallocated Sectors Count kapena Current Pending Sector Count, kapena mukumva kaphokoso kaja ndanena, siyani zonse, musapange defrag, kuja kosanjanso mafayilo pa disiki yonse, musayithamangitse ndi masikani ataliatali, koperani zofunika kwambiri poyamba foda imodzi imodzi, zosafunika pambuyo. Disiki yodwala ola lililonse lomwe ikuzungulira ndi mphatso. Zija amanena zoti muyiyike mu firiji musachite, chinyezi chimalowa mkati, ndipo musayitsegule nokha kuti muwone, kafumbi kamodzi kakakhala pa mbale zozungulira za mkati mwake kamakanda data.

Bakapu yatheka, mwayiyesa, tsopano tikambe za disiki yatsopano.

Hadi disiki yakale ili ndi mbale zozungulira, m'malaputopu ambiri ka 5400 pa mphindi, m'madesikitopu ka 7200, ndi kamkono kothamanga uku ndi uku kusaka fayilo. SSD ilibe choyenda chilichonse, ndi matchipi okhaokha, ndipo ilipo ya mitundu iwiri, ya SATA ndi ya NVMe. Hadi disiki ya laputopu ikachita bwino imawerenga cha m'ma 100MB pa sekondi, SSD ya SATA imafika cha m'ma 550MB, ya NVMe pa njira yolumikizira yotchedwa PCIe 3.0 cha m'ma 3500MB, pa PCIe 4.0 mpaka 7000MB. Koma manambala akuluakuluwa asakutengeni mtima. Kusintha komwe mudzakumve m'manja ndi kuchoka pa hadi disiki kupita pa SSD iliyonse, chifukwa Windows imawerenga timafayilo ting'onoting'ono tambirimbiri ndipo pamenepo ndi pomwe kamkono kaja kamafooka. Tsegulani Task Manager, pa Performance, mukawona Disk ili pa 100% nthawi zonse pomwe simukuchita kalikonse ndipo yalembedwa HDD, mwapeza chomwe chikukuchedwetsani. Kuchoka pa SSD ya SATA kupita pa NVMe, kwa munthu wongolemba ndi kuwonera mavidiyo, kusiyana kwake nkochepa.

Musagule musanadziwe chomwe kompyuta yanu imalandira. Fufuzani dzina ndi nambala ya modelo, kawirikawiri zili pa kapepala pansi pa laputopu, mupeze buku lake pa webusaiti ya omwe anayipanga. Ngati muli hadi disiki ya mainchesi 2.5, SSD ya SATA ya 2.5 imalowa pomwepo ndendende. Ina ndi M.2, kooneka ngati kachingamu kaatali, kofala ndi 2280 kutanthauza mamilimita 22 m'lifupi ndi 80 m'litali, koma malaputopu ena ang'onoang'ono amafuna zazifupi ngati 2242 kapena 2230. Apa ndi pomwe anthu amataya ndalama, poti M.2 ndi maonekedwe chabe, mkati itha kukhala SATA kapena NVMe, ndipo pali makompyuta olandira mtundu umodzi wokha. Ya NVMe kawirikawiri ili ndi kampata kamodzi pa mano ake, ya SATA timipata tiwiri. Palinso malaputopu omwe chosungira chake anachiwotcherera pa bodi, monga otsika mtengo a eMMC ndi ma MacBook a masiku ano, amenewa palibe chosintha, njira ndi disiki yakunja basi. Kukula kwake, ine pansi pa 500GB sindilimbikitsa ngati ndi disiki yokhayo mu kompyuta. Ndipo musadabwe 1TB ikawoneka 931GB mu Windows, simunaberedwe, opanga amawerenga ndi 1000 pomwe Windows imawerenga ndi 1024.

Pali njira ziwiri zosamukira. Kukopera disiki yonse mmene ilili, amati cloning, kapena kuyika Windows yatsopano. Maganizo anga ndi oti ngati Windows yanu yakhala zaka zambiri, yadzadza mapulogalamu omwe simudziwa kuti analowa bwanji, yambani mwatsopano, musanyamule zinyalala kupita nazo m'nyumba yatsopano. Koma ngati muli ndi mapulogalamu a ntchito ovuta kuwapezanso, cloning ndiye yabwino, zonse zimabwera mmene munazisiyira mpaka chithunzi cha pa sikirini.

Njira iliyonse yomwe mwasankha, onani kaye za BitLocker, loko ya Windows yokhoma disiki. Makompyuta ambiri atsopano amabwera disiki ili yokhomedwa kale mwini wake osadziwa, ndipo mukasintha zinthu imatha kukufunsani kiyi ya manambala 48. Kiyiyo nthawi zambiri imakhala mu akaunti yanu ya Microsoft, ipezeni lero, muyilembe papepala. Popanda kiyi imeneyi disiki yakale ija mukayilumikiza pa USB siyitseguka, ndipo palibe katswiri angakutsegulireni. Ngati mukupanga cloning, ndibwino kuyizimitsa kaye BitLocker mpaka imalize kumasula disiki, mudzayiyatsanso mukasamuka.

Pa cloning mufunika kachingwe ka USB kupita ku SATA, kapena kabokosi ka M.2, kuti SSD yatsopano ilumikizidwe kunja. Samsung ali ndi pulogalamu yawo yosamutsira, Crucial ndi Western Digital amapereka Acronis ya ma SSD awo, palinso Clonezilla ndi Rescuezilla zaulere, kungoti Clonezilla imavuta disiki yatsopano ikakhala yaying'ono kuposa yakale. Kuchoka pa 1TB kupita pa 500GB nkotheka bola zomwe zilimo zikhale zokwana, nde chepetsani katundu kaye. Zulani disiki ya bakapu ija isakhale pafupi nkomwe, laputopu ikhale pa chaja batire itadzadza kuti magetsi akathima ntchito isadukire pakati. Kenako pulogalamu idzakufunsani Source ndi Destination. Source ndi yakale, komwe zinthu zikuchokera. Destination ndi yatsopano, ndipo chilichonse chili pamenepo chifufutidwa. Werengani dzina la disiki ndi kukula kwake kawiri, katatu, mokweza ngati nkotheka, musanadine. Mukasemphanitsa pamenepa mwakopera disiki yopanda kanthu pamwamba pa moyo wanu wonse. Ikayamba isiyeni, itha kutenga ola kapena maola angapo.

Ikamaliza zimitsani kompyuta ndi Shut down, osati Sleep, zulani chaja, chotsani batire ngati ndi yochotseka, ngati ili mkati mukatsegula chivundikiro muyambe mwazula kachingwe kake. Gwirani chitsulo kaye kuti magetsi a m'thupi atuluke. Timasikuluwu ta laputopu sitifanana kutalika, ine ndimajambula laputopu papepala nkumayika kalikonse pamalo pake, chifukwa kakatali mukakamanga pa kabowo kakafupi kamaboola mpaka kutulukira pamwamba. Jambulaninso ndi foni musanazule chilichonse. Chivundikiro cha pulasitiki chitseguleni ndi khadi yakale yolimba, osati mpeni. Disiki ya 2.5 imakhala mu kachitsulo kake, masulani, sunthani kachitsuloko kapite pa SSD. Ya M.2 imalowa mopendekeka pang'ono, mukayikankha mpaka mano abisike mumayigoneka pansi nkumanga kasikuluwu kamodzi kumapeto, osalimbitsa kwambiri. Pa desikitopu ndi zingwe ziwiri basi, cha data chopita pa bodi ndi cha magetsi.

Kuyatsa koyamba yakale isakhale yolumikizidwa. Ikakana kuyamba musachite mantha, lowani mu BIOS, sikirini ya masetingi yomwe imatseguka Windows isanayambe, kawirikawiri podina F2, Del kapena Esc pomwe mukuyatsa, muwone ngati SSD ikuwoneka ndipo ili pamwamba pa mndandanda wa Boot. Ikapanda kuwoneka nkomwe ndiye kuti siyinalowe bwino, zimitsani muyikhazikenso. Windows ikatseguka pitani pa Disk Management, ngati SSD ndi yayikulu kuposa yakale mupeza malo akuda olembedwa Unallocated, dinani kumanja pa C: musankhe Extend Volume. Nthawi zina imakana chifukwa kagawo ka Recovery kakhala pakati, pamenepo chosavuta ndi kupanga malowo akhale D:.

Osankha Windows yatsopano, tengani fulashi ya 8GB kapena kuposa yopanda kanthu, pangani ndi Media Creation Tool ya pa webusaiti ya Microsoft musanachotse disiki yakale, ikani SSD, yambitsani kompyuta kuchokera pa fulashi. Ikafunsa kiyi dinani kuti mulibe, layisensi ya Windows 10 ndi 11 nthawi zambiri imamangidwa ku bodi ya kompyuta, ikangolowa pa intaneti imadzizindikira yokha, bola muyike mtundu womwewo, Home kwa Home, Pro kwa Pro. Dziwaninso kuti Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imafuna kachipi ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi UEFI, yomwe ndi BIOS yamakono, SSD siyisintha zimenezo. Disiki yatsopano ikakufunsani MBR kapena GPT, njira ziwiri zogawira disiki, sankhani GPT, MBR imathera pa 2TB.

SSD musamayipange defrag ndi mapulogalamu akunja, Windows imayisamala yokha ndi chomwe amati TRIM, kupukuta malo a mafayilo omwe mwafufuta. Koma TRIM yomweyo ili ndi mbali ina yomwe anthu sauzidwa. Pa hadi disiki mukafufuta fayilo mwangozi, mukasiya kulembapo zinthu msanga, pulogalamu ngati Recuva kapena PhotoRec imatha kuyibweza. Pa SSD fayilo ikachoka mu Recycle Bin kawirikawiri imapukutidwiratu posakhalitsa. Ndipo SSD ikamafa siyilira tiki tiki kukuchenjezani, dzulo imagwira bwino, lero kompyuta siyikuyiwona. Nde mukangomaliza kusamuka, tsiku lomwelo yatsaninso File History pa Windows yatsopanoyo, musati ndidzachita mawa.

Disiki yakale ija musayifomate msanga. Isungeni mwezi wathunthu mmene ilili, pamakhala ka fayilo kamodzi komwe mumakakumbukira sabata yachitatu. Mwezi ukatha, ngati CrystalDiskInfo inati Good, iguleni kabokosi ka USB ikhale kope yanu ina yosungitsa kunja kwa nyumba. Ngati inati Caution musayidalirenso pa chilichonse. Mukafuna kuyipereka kwa wina kapena kuyigulitsa, Quick Format siyikwana, munthu atha kubweza zithunzi ndi zikalata zanu ndi mapulogalamu omwe aja ndatchula, chotsani kachizindikiro pa Quick Format kuti ilembe maziro pa disiki yonse, imatenga maola koma idikireni. Disiki yanga ya bakapu ndinamatapo kapepala kolembapo tsiku lomwe ndakopera komaliza, imakhala mu kabati kutali ndi chikwama cha laputopu, ndipo Lamlungu lililonse madzulo ndimayilumikiza, ikamaliza ndimatsegula zithunzi ziwiri zitatu kuwona ngati zili bwino, nkulemba tsiku latsopano pa kapepala kaja.